James Holton ndi mphepo imene imatembenuka pamwamba pa mitambo

Pamwamba pa ikweta, kupitirira pamene mitambo ya mvula imalekezera, pali mphepo imene imazungulira dziko lonse lapansi. Kwa chaka ndi miyezi ingapo imawomba kuchokera kum'mawa. Kenako imatembenuka n'kuyamba kuchokera kumadzulo, ndipo ikatha nthawi yake imabwereranso mwakale. Kuti ipite ndi kubwera pamatha miyezi pafupifupi 28. Osati 12, osati 24. Nkhani yagona pa nambala imeneyi, chifukwa kumwambaku kulibe china chilichonse, kaya dzuwa kaya mwezi, chimene chimabwereza pa miyezi 28. Nanga amaitembenuza ndani?

Asayansi amaitchula mwachidule kuti QBO, kuchokera ku mawu a Chingerezi akuti quasi-biennial oscillation, kutanthauza kutembenuka kobwereza pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Mmodzi mwa anthu awiri amene anapeza chimene chimaiyendetsa ndi a James Holton, mphunzitsi wa pa University of Washington mumzinda wa Seattle ku America, amene anamwalira mu 2004. Ambiri amene tinaphunzirako za kayendedwe ka mpweya dzina lawo tinalidziwira pachikuto cha buku, ndipo sitinalikonde msanga poti bukulo linkatigoneka mochedwa. Nditayamba kuwerenga zimene iwo ankafufuza, ndinakopeka ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Ankatenga funso lalikulu n'kumachotsamo zonse zimene angathe kuchotsa, mpaka patsale masamu ochepa oti munthu angawatsatire ndi pensulo. Akatero ankaona ngati masamu ochepawo akuchitabe zimene mlengalenga umachita. Akamachita, ndiye kuti chogwirira chapezeka.

Tiyambe ndi malo amene zonsezi zimachitikira. Aliyense amene anakwerapo Mulanje akudziwa kuti ukamakwera kumanka kuzizira. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa kilomita iliyonse, ndipo kuno kotentha zimapitirira choncho mpaka makilomita 16 kapena 17, kumene kumazizira kufika madigiri 80 pansi pa ziro. Mukapitirira pamenepo zinthu zimasintha, kumayambanso kufunda, chifukwa ozoni (mtundu wina wa mpweya wa okosijeni) amene ali kumeneko amamwa mbali ina ya kuwala kwa dzuwa. Chigawo chimenechi, kuchokera pamenepo mpaka makilomita 50, ndicho stratosphere. Poti mpweya wofunda wakhala pamwamba pa wozizira, kulibe kuvundukavunduka kumene timakuona kuno pansi. Malire akewo mungawaone ndi maso. M'mwezi wa December masana, mtambo wa mvula ya mabingu umafufuma, n'kumakwera, n'kumakwerabe, kenako pamwamba pake pamaphwathalala n'kufalikira m'mbali. Pamene waphwathalalapo ndiye kuti wayandikira malire, wakanika kuboola. A Léon Teisserenc de Bort a ku France ndi a Richard Assmann a ku Germany ndi amene analengeza za chigawo chimenechi mu 1902, atatumiza mabaluni onyamula zida zoyezera. Kwa zaka zambiri anthu ankaona ngati kumeneko kulibe nkhani. Kulibe mvula, kulibe mabingu, ndiye munthu wa zanyengo akasakeko chiyani?

Mu August 1883 phiri la Krakatau, pakati pa zilumba za Java ndi Sumatra, linaphulika n'kuponya phulusa ndi utsi mpaka mu stratosphere. Anthu a m'masitima a panyanja ndi a m'madoko ankalemba tsiku limene aona dzuwa litasintha maonekedwe, ndipo zolembazo zitasonkhanitsidwa zinaonetsa kuti utsiwo unazungulira dziko m'milungu iwiri yokha, kulowera kumadzulo. Aliyense anagwirizana nazo kuti pamwamba pa ikweta mphepo imachokera kum'mawa. Koma mu 1908 a Arthur Berson, katswiri wa zanyengo wochokera ku Germany, anabwera kuno ku Africa n'kukaulutsa mabaluni ku nyanja ya Victoria. A Berson sanali munthu wongokhala mu ofesi. Mu 1901 iwo ndi mnzawo anakwera pa baluni kupitirira makilomita 10, mpaka onse awiri anakomoka ali m'dengu. Mabaluni awo a ku Victoria atafika cha pa makilomita 15 kupita m'mwamba ankatengedwa ndi mphepo yochokera kumadzulo. Kwa zaka 50 mabuku anangoyanjanitsa ziwirizi ponena kuti mphepo yaikulu ndi ya kum'mawa, koma m'kati mwake muli kamzere kopyapyala ka mphepo ya kumadzulo. Palibe anaganiza kuti phirilo ndi a Berson anangopeza mphepo imodzimodziyo pa nthawi zosiyana.

Zinaululika m'ma 1950, pamene malo ena a pafupi ndi ikweta anayamba kuulutsa mabaluni tsiku ndi tsiku. Cha mu 1960 a Richard Reed ku Seattle ndi a R. A. Ebdon ku Britain, aliyense payekha, anaona kutembenukaku. Gulu la a Reed linagwiritsa ntchito miyezo ya pachilumba cha Canton m'nyanja ya Pacific ndi ya ku Nairobi. Anapezanso china chodabwitsa kuposa kutembenukako. Mphepo yatsopano imayambira kumwamba, cha pa makilomita 30 kapena kuposa, n'kumatsika pang'onopang'ono, pafupifupi kilomita imodzi pa mwezi, osafooka, mpaka kukazimirira pafupi ndi malire aja. Ikamazimirira, ina yosemphana nayo yayamba kale kumwamba. Ya kum'mawa imatha kupitirira makilomita 100 pa ola, pamene ya kumadzulo imakhala ngati theka la liwirolo. Mphamvu yake ili pa ikweta penipeni ndipo imanka ichepa mpaka madigiri 12 kapena 15 mbali zonse ziwiri. Ndiye kuti pamwamba pa Karonga mphepo imeneyi imamvekako ndithu, koma pamwamba pa Nsanje ndi m'mphepete chabe.

A Holton anafika ku Seattle mu 1965, zaka zochepa nkhaniyi itangotuluka, m'dipatimenti yomweyo imene munali a Reed. Anabadwa mu 1938 ku Spokane, anakulira ku Pullman kumene bambo awo ankafufuza za matenda a tirigu, anaphunzira fizikisi ku yunivesite ya Harvard, ndipo digiri ya udokotala anaipeza ku yunivesite ya MIT mu 1964. Mphunzitsi wawo kumeneko anali a Jule Charney, amene mu 1950 anatsogolera gulu loyamba kulosera nyengo pa kompyuta. Kafukufuku wa a Holton wa nthawi imeneyo anali wa madzi ozungulira m'chidebe, kuona mmene amalekera kuzungulira. Anakhalako chaka ku Stockholm, kenako n'kubwera ku Seattle kumene anakhala mpaka imfa yawo.

Chimene chinkazunguza mitu pa QBO sichinali miyezi 28 yokha. Vuto lalikulu linali mphepo ya kumadzulo ija. Dziko limazungulira kulowera kum'mawa, ndipo pa ikweta ndi pamene nthaka imathamanga kwambiri, makilomita pafupifupi 1,670 pa ola. Mpweya ukachokera kumpoto kapena kum'mwera kubwera pa ikweta umafika pamalo othamanga kuposa kumene wachoka, ndiye umatsalira m'mbuyo, ndipo ife timaumva ngati mphepo yochokera kum'mawa. Imeneyo n'njosavuta kuimvetsa. Koma mphepo yochokera kumadzulo ili pa ikweta ndiye kuti mpweyawo ukuthamanga kuposa nthaka, pamalo pamene nthaka imathamanga kuposa pena paliponse. Liwiro loterolo sungabwere nalo kuchokera kwina. Payenera kukhala chinachake chimene chikuukankha pomwepo.

Anthu anayesa zambiri. Ena ankati mwina kuwala kwa dzuwa kumasintha zaka ziwiri zilizonse. Ena ankaloza ozoni. Mu 1966 ku Seattle kunabwera a John Michael Wallace, amene anali atangolemba kumene kafukufuku wa QBO ku MIT, ndipo iwo ndi a Holton anaika maganizo amenewa m'masamu n'kuwayesa pa kompyuta. Zimene anasindikiza mu 1968 zinali zokana. Anaonetsa kuti kaya muutenthetse bwanji mpweyawo, simungapeze mphepo yotsika osafooka. Kuti masamu afanane ndi zimene mabaluni ankaona, pankafunika mphamvu yokankha mpweya, ndipo malo okankhirawo ankayenera kumatsika limodzi ndi mphepoyo. Mphamvuyo sanaitchule, poti anali asanaidziwe. Kwa ine pepala limeneli ndi lofunika mofanana ndi lotchuka limene linatsatira. Masiku ano wachinyamata wofuna kukwezedwa pa ntchito angachite mantha kusindikiza zoti njira imene wayesa siyikufikitsa kulikonse. Koma kutseka njira zolakwika ndi kumene kunasiya imodzi yokha yotseguka.

Njirayo inali mafunde. Mpweya nawo uli ndi mafunde, ndipo nthawi zina amaoneka: mitambo ikandandalika m'mizeremizere kuseri kwa phiri, mizereyo ndi nsonga za mafunde. Mitambo ikuluikulu ya mvula ya m'madera otentha ikamafufuma imagunda mpweya wa pamwamba pake n'kutumiza mafunde okwera m'mwamba, ena opendekera kum'mawa, ena kumadzulo. Tsono taganizirani za nyanja yathu mwera ukawomba. Funde limachokera kutali, likudutsa pakati pa nyanja osasuntha madzi kwenikweni, bwato limangokwera ndi kutsika. Koma likafika kugombe n'kusweka, mphamvu yonse imene linanyamula limaitula pomwepo, n'kukankha mchenga ndi aliyense amene waima m'madzimo. Funde limatula katundu wake pamene laswekera, osati pamene ladutsa. Mu 1967 a John Booker ndi a Francis Bretherton ku Cambridge anaonetsa pamene funde la mumpweya limathera: pamene lapeza mphepo yolowera komwe ilo likupita, pa liwiro lofanana ndi lake. A Richard Lindzen, wasayansi mnzawo wa ku America, anaona kuti ichi ndicho chimene a Wallace ndi a Holton ankasowa, ndipo mu 1968 momwemo iwo ndi a Holton anasindikiza kufotokoza kwa QBO kumene tikugwiritsabe ntchito.

Kamayenda motere, ndipo pano ndikupempha kuti muwerenge modekha. Tinene kuti m'munsi mwa stratosphere muli mphepo yopita kum'mawa, ija yochokera kumadzulo. Mafunde a mitundu yonse iwiri akukwera kuchokera pansi. Opita kum'mawa akangofika kunsi kwa mphepo imeneyi amathera pomwepo, n'kukankhira mpweya wa pamenepo kum'mawa. Mpweya umene unali pansi pa mphepoyo nawo wayamba kupita kum'mawa, ndiye kuti mphepoyo yatsika. Mafunde obwera pambuyo athera m'munsi kuposa oyamba aja, ndipo itsikanso. Nanga mafunde opita kumadzulo? Amenewo mphepoyi siiwagwira. Amadutsa bwinobwino, kukathera kumwamba kwambiri, kumene amayambitsa mphepo yopita kumadzulo. Iyonso imayamba kutsika mwa njira yomweyo. Ya m'munsi ija imapanikizika, kumwamba mnzake akubwera, pansi pali malire, mpaka imapyapyala n'kutha. Ikatha, mafunde opita kum'mawa apeza njira, akwera kudutsa mphepo yatsopanoyo, n'kukayambitsa ina kumwamba. Palibe wotchi ya kunja imene ikulamula. Mphepo iliyonse imadzitsitsa yokha, ndipo podzitsitsapo imatsegulira njira imene idzailowe m'malo. Miyezi 28 ikuchokera pa mphamvu ya mafundewo. Akanakhala amphamvu kuposa mmene alili, bwenzi ikutembenuka msanga.

Pepala la 1968 silinakhoze zonse. Linkadalira mphepo ina ya kumwamba kwambiri, yotembenuka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, kuti ndiyo iziyambitsa ulendo watsopano. Nthawi yomweyo anthu ena anali akupeza mafunde akuluakulu oyenda motsatira ikweta. A Taroh Matsuno ku Japan anawapeza m'masamu mu 1966, a Yanai ndi a Maruyama anaona mtundu umodzi m'miyezo ya mabaluni chaka chomwecho, ndipo a Wallace ndi a Kousky anaona wina mu 1968. Choncho mu 1972 a Holton ndi a Lindzen anakonzanso kufotokoza kwawo pogwiritsa ntchito mafunde akuluakulu amenewa. Mu 1977 a Alan Plumb anaonetsa kuti mphepo ya kumwamba ija siyofunika n'komwe.

Umboni umene ine umandisangalatsa kwambiri unachokera ku Australia mu 1978. A Plumb ndi a Angus McEwan anatenga thanki yooneka ngati mphete, yokhazikika pamalo amodzi, n'kuthiramo madzi a mchere, ochuluka mchere pansi, ochepa mchere pamwamba, kuti asasakanikirane monga mmene mpweya wa mu stratosphere ulili. Pansi pa thankiyo anaika zinthu zofewa zimene zinkangokwera ndi kutsika, kupanga mafunde opita mbali zonse ziwiri mofanana. Palibe chimene chinkakankhira madziwo mbali imodzi. Koma patapita kanthawi madziwo anayamba okha kuzungulira, kenako kumwamba kwa thankiyo kunayamba kuzungulira mosemphana, n'kumatsika, n'kulowa m'malo mwa oyamba aja, mobwerezabwereza. Munalibe dzuwa m'thankimo, munalibe ozoni, munalibe nyengo. Amene ankakayikabe anasowa chonena.

Nkhani ya mafundeyi inazunguliranso mu 1997. A Timothy Dunkerton, amene anaphunzira kwa a Holton, anawerengetsa n'kupeza kuti mafunde akuluakulu aja paokha sakwanira, chifukwa pa ikweta mpweya wonse umakwera pang'onopang'ono ndipo mphepo yotsikayo imayenera kulimbana ndi kukwerako. Pamafunikanso timafunde ting'onoting'ono tambirimbiri, tofanana ndi timene tinali m'pepala loyamba la 1968. N'chifukwa chake makompyuta akuluakulu olosera nyengo anavutika kwa zaka zambiri kutulutsa QBO, poti timafundeto n'tating'ono kuposa zimene ankatha kuona. Woyamba kuitulutsa pa kompyuta yotsanzira mlengalenga wonse anali a Masaaki Takahashi mu 1996, patatha zaka 28 chifotokozereni.

Ndinene pang'ono za a Lindzen, chifukwa wina akafufuza dzinali pa intaneti apeza zina. Pambuyo pake iwo anatchuka ndi kutsutsa zoti kutentha kwa dziko ndi vuto lalikulu, ndipo asayansi anzawo ambiri sagwirizana nawo pa zimenezo. Inenso sindigwirizana nawo. Koma ntchito ya 1968 inayesedwa ndi mabaluni, thanki ndi makompyuta, ndipo inaima. Maganizo a mwini wake pa nkhani zina saichotsera kanthu, ndipo nayonso siwapatsa chilolezo choti tiziwakhulupirira pa zina zonse.

A Holton sanakhazikike pa ikweta pokha. M'nyengo yozizira ya kumpoto, pamwamba pa North Pole pamakhala chimphepo chozungulira, champhamvu, chotsekera mpweya wozizira kwambiri m'kati mwake. Zaka zina chimphepochi chimasokonekera mwadzidzidzi, ndipo m'masiku ochepa stratosphere ya kumeneko imafunda ndi madigiri 40 kapena 50. A Richard Scherhag anaona zimenezi koyamba ku Berlin mu 1952, ndipo a Matsuno anafotokoza mu 1971 kuti zimachitika chifukwa cha mafunde aakulu kwambiri ochokera pansi, oyambitsidwa ndi mapiri ndiponso kusiyana kwa mtunda ndi nyanja. Mu 1976 a Holton ndi a Clifford Mass anachepetsa nkhaniyi mpaka patatsala funde limodzi ndi mphepo imodzi. Anapeza kuti ngakhale funde lochokera pansilo lisamasinthe mphamvu, likangopitirira mlingo wina wake chimphepocho chimayamba chokha kufooka ndi kulimba mosinthanasinthana. Abale amene ali ku Britain akukumbukira chisanu choopsa cha kumapeto kwa February ndi kumayambiriro kwa March 2018. Milungu iwiri chisanucho chisanafike, chimphepo cha pamwamba pa North Pole chinali chitagawanika pakati.

Mu 1980 a Holton ndi a Hsiu-Chi Tan analumikiza nkhani ziwirizi. Anatenga miyezo ya zaka 16 n'kuigawa pawiri, zaka zimene QBO inali ya kum'mawa ndi zimene inali ya kumadzulo. Anapeza kuti ikakhala ya kum'mawa m'munsi mwa stratosphere, chimphepo cha kumpoto chimakhala chofookerapo. Anaganiza kuti mphepo ya pa ikweta imasintha njira imene mafunde aakulu aja amadzera, n'kuwabwezera kumpoto. Kunena zoona, zaka 16 n'zochepa kwambiri pa nkhani ngati iyi, ndipo akanatha kugwa nayo. Patapita zaka zingapo a Karin Labitzke a ku Berlin anaonetsa kuti ubalewu umasinthanso malinga ndi mmene dzuwa lilili pa kayendedwe kake ka zaka 11. Komabe miyezo ya zaka zambiri zotsatira yasonyeza kuti ubalewo ulipo, ngakhale kuti anthu akukanganabe za mmene umagwirira ntchito. Kufunika kwake n'koonekeratu. Nyengo ya kuno pansi siilosereka bwino kupitirira milungu iwiri, pamene QBO mungaidziwe miyezi ingapo isanafike. Chilichonse chimene QBO imakhudza chimalosereka pang'ono chifukwa cha iyo.

Wina afunsa ngati imakhudza mvula yathu. Akatswiri a ku South Africa anafufuzapo zimenezi m'ma 1990, ndipo anapezako zizindikiro. Koma ndisakunamizeni. Pa mvula ya kuno, El Niño ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Indian ndi zimene zili ndi mawu aakulu, ndipo a zanyengo akamalengeza ulosi wa dzinja amayamba ayang'ana zimenezo. Sindikufuna kuti wina akasankhe tsiku lodzala chimanga poyang'ana mphepo ya pa makilomita 25.

Buku lija, An Introduction to Dynamic Meteorology, linatuluka koyamba mu 1972, a Holton ali ndi zaka 34, ndipo analikonzanso katatu, komaliza mu 2004. Ubwino wake uli pa kachitidwe komwe kaja. Musanayambe kuwerengetsa chilichonse, limakuuzani kuti muyeze kaye kukula kwa mbali iliyonse ya masamuwo: iyi ndi yaikulu bwanji, iyi ndi yaing'ono bwanji, titaye iti. Wophunzira amafika akuopa mzere wautali wa zilembo, n'kupeza kuti pa mphepo zikuluzikulu mbali ziwiri zokha ndi zimene zikulimbana, kukankha kwa mpweya wopanikizika ndi kupatutsa kwa dziko lozungulira. Chimodzi chokha chimene munthu wa kuno amadandaula nacho n'choti mbali yaikulu ya bukuli ikunena za nyengo ya maiko ozizira a kumpoto. Za madera otentha zili cha kumapeto, ndipo zithunzi zambiri umayenera kuzitembenuza m'mutu kuti zigwirizane ndi kum'mwera kwa ikweta, kumene namondwe amazungulira mosemphana. Mu 1987 analembanso buku lina la za stratosphere ndi chigawo cha pamwamba pake pamodzi ndi a David Andrews ndi a Conway Leovy.

Zaka zawo zomaliza anazithera pa funso la mmene mpweya umalowera ndi kutuluka mu stratosphere. Funsoli linakula chifukwa cha ozoni. Bowo la mu ozoni pamwamba pa Antarctica litadziwika mu 1985, panafunika kudziwa njira imene mankhwala owononga ozoni a m'mafiriji ndi m'zitini zopopera amadzera kuti akafike kumeneko, komanso zaka zimene amatha pa ulendowo. Kale mu 1949 a Alan Brewer anaona kuti mpweya wa mu stratosphere pamwamba pa England ndi wouma modabwitsa, ndipo anati uyenera kuti unalowera kumadera otentha, kumene malire aja ndi ozizira kwambiri moti chinyezi chonse chimaundana n'kugwa. Ambiri ankaganiza kuti umakwera chifukwa dzuwa la pa ikweta likuutenthetsa. Mu 1995 a Holton ndi anzawo asanu, kuphatikizapo a Peter Haynes ndi a Michael McIntyre a ku Cambridge, analemba pepala limene linakhazikitsa kamvedwe kena. Mafunde osweka kutali, m'madera ozizira, ndi amene amakankhira mpweya kumalekezero a dziko ndi pansi, ndipo mpweya wa pa ikweta umakwera chifukwa ukukokedwa kuti ukatseke mpata. Mafunde omwe aja, pa ntchito ina.

Chaka chotsatira wophunzira wawo, a Philip Mote, pamodzi ndi a Holton ndi ena, anaonetsa kukwerako pogwiritsa ntchito setilaiti ya UARS imene inaponyedwa mu 1991. Malire a pamwamba pa ikweta amazizira kwambiri cha mu January ndi February kuposa cha mu July ndi August. Mpweya wolowa mu January umakhala wouma kwambiri, wolowa mu August wonyowerapo pang'ono. Kusiyanaku n'kochepa zedi, timagawo tingapo pa miliyoni, koma setilaitiyo inakuona. Pachithunzi pankaoneka mizere youma ndi yonyowa ikukwera motsatizana, ndipo mzere umodzi unkatha kuutsatira kwa chaka ndi theka usanafufutike. Anazitcha kuti tepi rekoda, poti mpweyawo umajambula kuzizira kwa pakhomo pamene unalowera n'kumapita nako m'mwamba. Liwiro lake silifika theka la milimita pa sekondi. Ndiye pamalo amodzimodziwo, pamwamba pa ikweta, mpweya ukukwera pang'onopang'ono pamene mphepo ikutsika pang'onopang'ono kudutsa mu mpweya womwewo.

A Holton anasankhidwa kulowa mu National Academy of Sciences, bungwe lalikulu la asayansi ku America, mu 1994, analandira mendulo ya Roger Revelle mu 2000 ndi ya Carl-Gustaf Rossby mu 2001. Anadwala mwadzidzidzi ali kothamanga kolimbitsa thupi chakumapeto kwa February 2004, ndipo anamwalira pa 3 March ali ndi zaka 65. Bungwe la American Geophysical Union lili ndi mphotho ya asayansi achinyamata imene ili m'dzina lawo.

Sanaone zimene zinachitika patatha zaka 12. Miyezo ya QBO imene asayansi amadalira inayamba mu 1953 ku Canton, n'kupitirira pachilumba cha Gan ku Maldives, ndipo kuyambira 1976 imachokera ku Singapore. Kwa zaka zoposa 60 mphepoyi sinaphonyepo dongosolo lake. Inkatha kufulumira kapena kuchedwa, koma nthawi zonse inkayambira kumwamba n'kutsika. Mu February 2016, mphepo ya kumadzulo ili pakati potsika, cha pa makilomita 22 panangobuka mphepo ya kum'mawa, pakati penipeni pa inzakeyo, n'kuidula pawiri. Malo akuluakulu olosera nyengo sanaione ikubwera. Ofufuza atabwerera m'miyezo anapeza kuti mafunde aakulu ochokera kumpoto, a mtundu womwe uja umene umasokoneza chimphepo cha ku North Pole, anafika mpaka pa ikweta n'kuswekera pomwepo. Inali nthawi ya El Niño wamphamvu, yemwe uja amene kuno anaumitsa chimanga m'minda mpaka boma kulengeza za ngozi ya njala mu April 2016, ndipo ofufuza ambiri amati El Niño ameneyo anathandizira kutsegula njira ya mafundewo. Lamulo loti funde limakankha pamene laswekera silinasinthe. Chimene masamu ochepa a 1968 ndi 1972 anasiya kunja ndi mafunde obwera cham'mbali, poti iwo ankawerengera ochokera pansi okha. QBO inabwerera m'dongosolo lake, koma kumapeto kwa 2019 inasokonekeranso, ulendo uno chifukwa cha mafunde ochokera kum'mwera, miyezi yochepa stratosphere ya pamwamba pa Antarctica itafunda mwadzidzidzi mu September chaka chomwecho.